Njira Yabwino ya Njinga Imadziwika Mvula Ikakata

Ku Whistler Mountain Bike Park, m'chigawo cha British Columbia ku Canada, okwera njinga za m'mapiri amakwezedwa pamwamba ndi mipando yoyenda pa chingwe, kenako n'kutsika okha. Malowa anatsegulidwa mu 1999, ndipo polowera njira iliyonse pali chikwangwani. Bwalo lobiriwira ndi la ongoyamba kumene, chizindikiro chabuluu cha ngodya zinayi ndi cha ozolowerako, dayamondi wakuda ndi wa akatswiri, ndipo madayamondi awiri akuda ndi a amene anafikapo zenizeni. Ku Britain, monga ku Coed y Brenin ku Wales, amaikaponso mtundu wofiira pakati pa wabuluu ndi wakuda.

Alendo ambiri amalekera pomwepa, n'kumayesa kuti njira yakuda ndiye yabwino koposa. Ayi ndithu. Mtundu umangonena kuti njirayo ndi yovuta bwanji, ndipo umaiyerekeza ndi zinzake za pamalo omwewo. Yabuluu ya ku Whistler ikhoza kumugwetsa munthu amene kwawo amatsika yakuda mosavuta. Ubwino wa njira uli ndi mawu akeake, ndipo ambiri mwa mawuwo amakamba za madzi.

Bungwe la International Mountain Bicycling Association, lomwe linayamba mu 1988 ku California, linasonkhanitsa malamulo omangira njira m'buku la Trail Solutions mu 2004. Lodziwika kwambiri ndi half rule: njira isatsetsereke kupitirira theka la kutsetsereka kwa phiri limene ikulidutsa cham'mbali. Ngati phirilo likutsika ndi maperesenti 20, njira isapose 10. Ikaposa, yayamba kutsata fall line, mzere umene madzi amadzisankhira okha potsika, ndipo mvula ikagwa njirayo imasanduka ngalande. Dothi limapita, pamatsala miyala yogwedera ndi mizu yoonekera, okwera amayamba kulambalala chigwembecho, njira n'kumangokulirakulira m'mbali. Mlimi amene anapangapo mizere potsata akalozera pamunda wotsetsereka sangavutike kumva mfundo imeneyi.

Palinso outslope, kupendeketsa pang'ono pamwamba pa njira, ndi maperesenti pafupifupi 5, kuti madzi adutse mopingasa n'kugwera kumunsi m'malo motsata matayala. Koma chimene ine ndimachilemekeza kwambiri ndi grade reversal. Apa njira yotsika imadzuka pang'ono kwa mamita ochepa, kenako n'kutsikanso. Madzi akafika pakadzenje kameneko sangakwere, choncho amatuluka. Wokwera naye amamva njinga ikumira ndi kudzuka pansi pake, ndipo akakankha ndi manja ndi miyendo pa nthawi yake amapeza liwiro osapalasa. Chomwe chikuteteza nthaka n'chomwenso chikumusangalatsa, ndipo mmisiri wa njira amene wakwanitsa zimenezi ndiye wodziwa ntchito.

Mawu amene okwera sawatula pakamwa ndi flow. Njira ya flow ndi ija imene mbali iliyonse imakukonzekeretsa yotsatira. Pokhota pali berm, khoma la dothi lopendekeka limene limagwira matayala kuti ukhote osachepetsa liwiro, ndipo liwiro lotuluka nalo pamenepo ndi lokwanira ndendende kulumpha chitunda chakutsogolo. Njira ya A-Line ya ku Whistler inatchuka padziko lonse chifukwa cha zimenezi. Zitunda zake zambiri ndi ma tabletop, zafulati pamwamba, moti wolephera kufika kutsidya amatera pa dothi. Gap jump ilibe chifundo chotere, pakati pake ndi phompho. Mnzake wa flow ndi tech, njira ya mizu, miyala ndi matanthwe otsetsereka, kumene luso lagona pa kusankha podutsa tayala lakutsogolo. Palibe yoposa inzake, koma paki yopereka mtundu umodzi wokha ndi yosakwanira.

Kuti mudziwe ngati womanga analakwitsa, yang'anani pansi musanafike pokhota. Mukaona timizere topingasa totukumuka, tomwe timagwedeza chiwongolero mpaka manja kuchita dzanzi, amenewo ndi ma braking bumps. Amabadwa pamene anthu ambiri akugwira mabuleki mwamphamvu pamalo amodzi. Nthawi zina n'chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, monga m'chilimwe pa chikondwerero cha Crankworx chomwe chinayamba ku Whistler mu 2004. Koma akamabwerera pamalo omwewo atangokonzedwa, ndiye kuti njira ikupatsa wokwera liwiro limene pokhotapo sangalilandire, kapena mitengo ikumubisira zakutsogolo.

Paki yonse imayesedwa ndi progression, kutanthauza ngati munthu angakule nayo. Pakati pa yobiriwira ndi yakuda pakhale masitepe oti mwana kapena wachikulire woyamba mochedwa akwere limodzi ndi limodzi, ndipo pa malo oopsa pakhale kanjira kolambalala kooneka bwino patali. Apa mpamene mapaki ambiri amagwa, chifukwa ndalama zimathera pa njira zakuda zokongola pa zithunzi, pomwe yobiriwira amangoisiya kukhala msewu wamiyala wa galimoto za m'nkhalango, umene suphunzitsa munthu kukhota ngakhale kamodzi.