Mmene Magombe a New Zealand Analembedwera pa Mapu

Kutali kum'mwera kwa nyanja yaikulu ya Pacific kuli dziko la New Zealand, la zisumbu ziwiri zazikulu ndi zina zazing'ono. Eni ace oyamba, Amaori, anafikako pa mabwato ao aakulu pakati pa zaka za 1250 ndi 1300, ndipo mtsinje uli wonse ndi phiri liri lonse anazicha maina.

Mzungu woyamba kuona dzikoli anali Abel Tasman wa ku Holland, m'mwezi wa Disembala 1642. Iyeyu analibe womasulira. Pamene Amaori analiza lipenga lao, amalinyero ace anayankha ndi lipenga laonso osadziwa tanthauzo lace, ndipo m'mawa mwace anai a iwo anaphedwa m'bwato. Tasman anacoka osaponda pamtunda, akuganiza kuti waona mbali ya dziko lalikulu la kum'mwera. Zitatero panapita zaka 127 Mzungu wina asanabwerekonso.

M'caka ca 1768 Mngelezi wina, James Cook, ananyamuka ku Plymouth pa combo ca matanga cochedwa Endeavour, cimene kale cinali kunyamula malasha. Ku Tahiti anatenga Tupaia, wansembe wa ku Raiatea, katswiri wodziwa nyenyezi ndi njira za panyanja. M'mwezi wa Okotobala 1769 mnyamata Nicholas Young anaona mtunda, ndipo combo cinaponya nangula pafupi ndi mtsinje wa Turanganui. Ciyambi cinali coipa zedi. Pa tsiku loyamba, Tupaia ali m'combo, amalinyero anaombera mfuti Mmaori wina, Te Maro, nafa pomwepo. M'mawa mwace Tupaia analankhula cinenero ca kwao, ndipo onse anazizwa poona kuti Amaori akumumva bwino. Ngakhale zinali tero, mitima inali itapsa kale, ndipo anthu enanso anaphedwa. Cook anacoka wopanda cakudya cimene anafuna, nacha malowo Poverty Bay, ndiko kuti gombe la umphawi.

Kuyambira pamenepo nchito inayenda pa miyendo iwiri. Woyamba unali kudekha. Combo cinali kuyenda pafupi ndi gombe, Cook akupima malo a ndomo iri yonse ya dziko ndi kampasi, amalinyero akuponya cingwe ca mtovu kuyesa kuya kwa madzi, ndipo Charles Green akuwerengera malo ao poyang'ana mwezi ndi dzuwa. Mwendo waciwiri unali lilime la Tupaia. Iye ndiye anali kupempha madzi, nkhuni ndi nsomba, kuletsa ndeu, ndi kufunsa akuluakulu za maina a malo.

Atapirira namondwe woopsa kunsonga ya kumpoto m'Disembala, anafika ku Queen Charlotte Sound m'Januwale 1770, kumene anakonza combo. Cook anakwera phiri naona mpata wa nyanja wolekanitsa zisumbu ziwirizo, ndipo nkhalamba ina ya Cimaori inatsimikiza kuti njirayo ilikodi. Mpatawo ndiwo uchedwa Cook Strait. Atadzera m'menemo anazungulira cisumbu ca kum'mwera, nacoka kumapeto kwa Malici 1770. M'miyezi isanu ndi umodzi anali atalemba gombe la mamailosi 2,400, nasonyeza kuti New Zealand si mbali ya dziko lalikulu lija.

Komabe mapu ace anali ndi zolakwa ziwiri zodziwika. Ndomo ya Banks Peninsula anaiyesa cisumbu, ndipo cisumbu ca Stewart Island anaciyesa ndomo. Zonse ziwiri ziri kumene combo cinangopitirira patali, osaima, ndipo panalibe mwini dziko womufunsa. Akale ananenetsa kuti safunsa anadya phula.

Tupaia sanafike ku England, pakuti anamwalira ndi matenda ku Batavia kumapeto kwa 1770. Pamene Cook anabwerera ku New Zealand m'caka ca 1773, Amaori a m'magombe osiyanasiyana anadza pa mabwato ao akufunsa za Tupaia, ndipo ena atamva za imfa yace anamva cisoni cacikulu. Pa mapu panatsala dzina la Cook, koma eni dziko anali kukumbukira mlendo amene anawalankhula m'cinenero ca makolo ao.