Mlendo ndi Mwini Chinenero: Mbiri ya Zokambirana pa Bungwe la Kafukufuku la ku Lusaka

Mau Oyamba

Mu nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya bungwe limodzi la kafukufuku lomwe linabadwira ku Livingstone m'chaka cha 1937 ndi kudzakhwimira ku Lusaka pansi pa Yunivesite ya Zambia. Poyamba linkatchedwa Rhodes-Livingstone Institute. Mu 1965 linasanduka Institute for Social Research, mu 1971 Institute for African Studies, ndipo mu 1996 linalandira dzina la Institute of Economic and Social Research. Olemba mbiri ya bungweli kaŵirikaŵiri amaliona ndi maso a akatswiri a chikhalidwe cha anthu. Ife tiliona ndi maso a anthu ofufuza zinenero, ndipo funso lathu ndi lakuti: pa zokambirana zomwe zinkachitika pamenepo, ndiponso pa maulendo a ophunzira obwera ndi opita kunja, kodi mwini chinenero ankakhala pati?

Alendo Oyamba

Bungweli linakhazikitsidwa ndi mphamvu ya Bwanamkubwa Hubert Young, ndipo chuma choliyendetsera chinkachokera ku maboma a atsamunda ndi ku makampani, kuphatikizapo a migodi. Mkulu wake woyamba, Godfrey Wilson, anafufuza moyo wa antchito a ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, koma anatula pansi udindo mu 1941 atasemphana ndi eni migodi. Amene analoŵa m'malo mwake ndi Max Gluckman wa ku South Africa, yemwe anagwira ntchito pakati pa Alozi. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, iyeyu anapeza ndalama zoitanira ofufuza achinyamata kuchokera ku maiko osiyanasiyana, naŵagaŵira madera.

Elizabeth Colson wa ku America anapita kwa Atonga a ku Zambia. John Barnes wa ku England anakakhala pakati pa Angoni a Mpezeni ku Fort Jameson, kumene ndi ku Chipata. Clyde Mitchell anaoloka malire kudzafufuza Ayao a kumwera kwa Nyasaland, pamene Max Marwick anasankha Acheŵa a kum'maŵa kwa Zambia. Pambuyo pawo panabwera Victor Turner kwa Andembu a ku Mwinilunga, A. L. Epstein ku matauni a migodi ya mkuwa, ndi Jaap van Velsen kwa Atonga a ku Nkhata Bay.

Chimene chinasiyanitsa gululi ndi ofufuza ena a nthaŵi imeneyo ndi mwambo wake wokambirana. Gluckman sanafune kuti munthu aliyense adzibise m'mudzi mwake ndi kutulukamo ndi buku. Mu 1946 anatengera ophunzira atsopano kwa Alamba kuti akazoloŵere limodzi kachitidwe ka kafukufuku, ndipo zomwe anapeza zinasindikizidwa ku Cape Town mu 1950 m'dzina la Mitchell ndi Barnes. Kuyambira pamenepo ofufuzawo ankakumana nthaŵi ndi nthaŵi, kuŵerengerana zolemba ndi kutsutsana poyera. Gluckman atakhala pulofesa ku Manchester mu 1949, bwalo la zokambiranalo linamtsata. Motero njira inatseguka pakati pa Manchester ndi dziko la Northern Rhodesia, ndipo ophunzira ankayenda m'njirayo uku ndi uko. Mabuku amene anatuluka m'bwaloli timaŵaŵerengabe: la Barnes la 1954, la Mitchell lonena za mudzi wa Chiyao la 1956, la Turner la 1957, la van Velsen la 1964 ndi la Marwick lonena za ufiti pakati pa Acheŵa la 1965.

Makolo athu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo sitingakane kuti alendoŵa anaona zinthu zimene eni dziko ankaziyesa zachizoloŵezi. Koma makolo omwewo adatinso mlendo ndi mame. Ofufuza ambiri ankakhala zaka ziŵiri kapena zitatu, nabwerera ndi zolemba zawo, ndipo mkangano weniweni wa nzeru unkachitikira kutali, m'Chingerezi, popanda mwini nkhani.

Chinenero ngati Khomo Chabe

Kwa akatswiri aŵa chinenero chinali khomo loloŵera m'mudzi, osati nyumba yoti akhalemo. Ankachiphunzira kuti amve milandu, alembe mibadwo ya anthu ndi kutsata maliro ndi maukwati. Kumangidwa kwa chinenerocho anakusiyira amishoni ndi akatswiri a ku London ndi ku Johannesburg. Komabe tikaŵerenga ntchito zawo modekha, tiona kuti zambiri zaima pa mau. Zimene Turner analemba za miyambo ya Andembu zatsamira kwambiri pa kufotokoza kwa sing'anga wotchedwa Muchona, amene ankamasulira mwambo pofukula magwero a mau ake, ndipo Turner mwini anavomereza zimenezi m'nkhani yomwe analemba za iye. Kabuku ka Mitchell ka 1956 konena za gule wa kalela ku Luanshya nako kaima pa nyimbo zoimbidwa m'Chibemba cha m'tauni, zimene mlendo sakanazimvetsa popanda omthandiza achifirika. Epstein yekha ndiye anayandikira ntchito yathu, pamene mu 1959 analemba za mau atsopano omwe ankaphuka m'kamwa mwa anthu a m'migodi.

Omthandiza aŵa anali ambiri: aphunzitsi, alembi ndi anyamata otsiriza sukulu, omwe ankayenda khomo ndi khomo kufunsa mafunso, kulemba mayankho ndi kumasulira. Lyn Schumaker, m'buku lake la 2001, anaonetsa kuti anthu ameneŵa sanali otanthauzira wamba, koma ankatsogolera wofufuza kwa anthu oyenera ndi kumuuza funso lomwe lingayankhidwe ndi lomwe lingatseke pakamwa. Chikhalirecho maina awo ankathera m'mau othokoza. Mkhalidwe umenewu sunali wa bungwe ili lokha. Tikumbuke kuti galamala ya Chicheŵa ya Mark Hanna Watkins, yosindikizidwa mu 1937, inachokera m'kamwa mwa Kamuzu Banda pamene iye anali wophunzira ku Yunivesite ya Chicago. Apo wophunzira ndiye anayenda ulendo, koma malo ake pa ntchitoyo anali omwewo: kupereka mau kuti wina aŵasanthule.

Mwini Chinenero Akhala Pabwalo

Zinthu zinayamba kutembenuka Zambia italandira ufulu mu 1964 ndi Yunivesite ya Zambia itatsegula zitseko mu 1966. Bungwe lija, lomwe linali litasamukira kale ku Lusaka, linaloŵa m'manja mwa yunivesite, ndipo mafunso amene dziko latsopano linali nawo sanali ofanana ndi a atsamunda. Boma linasankha Chingerezi kuti ndicho chophunzitsira kuyambira kalasi yoyamba, kwinaku likulola zinenero zisanu ndi ziŵiri pa wailesi ndi m'maphunziro: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde. Panafunika tsono kudziŵa kuti ndani amalankhula chiyani, kuti, ndipo anthu amamvana motani.

Pa nthaŵi imeneyi ndi pamene dzina la Mubanga Kashoki likuonekera. Iyeyu anakaphunzira za zinenero ku America, nabwerera kwawo. Mu 1968 bungweli linasindikiza kusanthula kwake kwa maliwu a Chibemba, ndipo mu 1972 analemba za Chibemba cha m'tauni m'magazini ya bungwelo yotchedwa African Social Research. Nkhani yomwe Epstein anaikhudza monga mlendo, tsopano inagwiridwa ndi mwini chinenero wodziŵanso njira za sayansi yake. Kashoki anadzakhala mkulu wa bungwelo m'zaka za m'ma 1970.

Chipatso chachikulu cha nyengo imeneyi ndi buku la Language in Zambia la 1978, limene Kashoki anakonza pamodzi ndi Sirarpi Ohannessian. Linali gawo la kafukufuku wamkulu wolipiridwa ndi Ford Foundation m'maiko asanu: Uganda, Kenya, Ethiopia, Tanzania ndi Zambia. M'bukumo alendo ndi eni dziko analemba moyandikana. Kashoki anayesa m'mene olankhula zinenero zosiyana amamvanirana. Robert Serpell anafufuza m'mene ana a sukulu a mu Lusaka amamvera Chinyanja, funso lofunika zedi pakuti Chinyanja cha m'buku la sukulu, chotsamira pa Chicheŵa cha kumudzi, si chimene mwana wa mu Lusaka amalankhula poseŵera ndi anzake. Apa tikuona kuti kusinthana kwa ophunzira kunabala zipatso zokhalitsa pamene wopita kunja anabwerera, napeza mpando ndi anzake okambirana nawo kwawo komwe.

Mpata Umene Unatsala

Komabe pali chinthu china chomwe mbiriyi ikutiululira, ndipo n'chochititsa manyazi pang'ono. Njira ya ku Manchester, ya ku London ndi ya ku America inali yopondeka; njira ya pakati pa Lusaka, Zomba ndi Maputo inamera udzu. Malaŵi sanali m'gulu la maiko asanu aja. Mu 1968 dziko la Malaŵi linasintha dzina la chinenero kuchoka pa Chinyanja kunka pa Chicheŵa, ndipo mu 1972 linakhazikitsa Bungwe la Chicheŵa lomwe linatulutsa malamulo ake a kalembedwe mu 1973. Unduna wa Maphunziro wa Zambia unavomereza malamulo ake mu 1977. Ku Mozambique, akatswiri a pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane anachita msonkhano wawo woyamba wa kalembedwe mu 1988. Zotsatira zake n'zakuti liwu lomwe Mmalaŵi amalemba kuti chinenero, Mzambia amalemba cinenero; ntchito ya ku Mchinji ikaoloka malire kufika ku Chipata isanduka nchito. Anthu a mbumba imodzi, omvana bwino lomwe pamaliro ndi pamsika, anapatsidwa mabuku a kalembedwe kosiyana, ndipo msika wa olemba ndi osindikiza, womwe unali wochepa kale, unagaŵikanso.

Kuyesa kukonza zimenezi kunabwera mochedwa. Mu 2001 bungwe la CASAS la ku Cape Town, motsogozedwa ndi Kwesi Prah, linasindikiza kalembedwe kogwirizana ka zinenero za Malaŵi, Mozambique ndi Zambia, kokonzedwa ndi akatswiri a maiko atatuwo. Kuti anansi akhale pansi pamodzi, panafunika wochereza wa dziko lachinayi.

Mau Otsiriza

Kuchokera m'mbiri imeneyi titolapo mfundo zitatu. Choyamba, mphamvu ya bungwe la ku Lusaka sinali m'nyumba zake kapena m'ndalama zokha, koma m'chizoloŵezi chakuti wofufuza aliyense aziika ntchito yake pamaso pa anzake isanapse. Chachiŵiri, kusinthana kwa ophunzira kuyesedwe osati ndi chiŵerengero cha okwera ndege, koma ndi malo amene mwini chinenero akupatsidwa: kodi akungopereka mau, kapena akufunsa nawo mafunso ndi kulemba dzina lake pachikuto? Chachitatu, wophunzira wa ku Zomba amene akufufuza kamvekedwe ka mau a Chicheŵa angapindule ndi miyezi itatu ku Katete kapena ku Angonia monga momwe angapindulire ndi chaka ku Ulaya, ndipo ulendo wake ndi wa basi. Mayunivesite athu akamalemba mapangano ndi anzawo akutali, tiŵakumbutse kuti asungeko mzere umodzi wa mnansi wa kutsidya kwa malire, amene amalankhula chinenero chomwecho.