Options pattern

Options pattern ndi njira imene olemba mapulogalamu a pakompyuta amagwiritsa ntchito mu .NET, makamaka m'chilankhulo cha C#, potenga makonzedwe a pulogalamu n'kuwaika mu object. Makonzedwewa, omwe pa Chingerezi amati settings, ndi zinthu monga adiresi ya database, dzina la seva yotumizira maimelo ndi mawu achinsinsi. Njirayi inatchuka ndi ASP.NET Core, yomwe kampani ya Microsoft inatulutsa mu June 2016.

Malo atatu

Pulogalamu imodzi imagwira ntchito m'malo osiyana: pa kompyuta ya woilemba, pa seva yoyesera, ndi pa seva imene anthu onse amagwiritsa ntchito. ASP.NET Core imatchula malowa kuti Development, Staging ndi Production. Nthawi zambiri malo alionse amakhala ndi database yakeyake, n'cholinga choti munthu akamayesa pulogalamu asawononge zinthu za makasitomala enieni.

Pulogalamu imadziwa pomwe ili powerenga environment variable yotchedwa ASPNETCORE_ENVIRONMENT. Ikapeza kuti sanaikemo kanthu, imatenga kuti ili mu Production.

Kumene makonzedwe amachokera

Pulogalamu ikamayamba, imawerenga makonzedwe motsatira ndondomeko iyi:

1. fayilo ya appsettings.json, yomwe imagwira ntchito m'malo onse
2. fayilo ya malo omwe pulogalamu ili, monga appsettings.Development.json
3. user secrets, zomwe zimawerengedwa mu Development mokha
4. ma environment variable a pa seva
5. zimene munthu walemba pa command line poyatsa pulogalamu

Dzina limodzi likapezeka kawiri, lomwe lawerengedwa pomaliza ndi limene limagwira ntchito. Choncho fayilo ya malo enaake imangolembedwamo zokhazo zimene zasiyana.

Kuika mu object

Wolemba pulogalamu amapanga class yomwe ma property ake ali ndi mayina ofanana ndi a m'fayilo. Mwachitsanzo, ngati m'fayilo muli gawo la Imelo lomwe lili ndi Seva, class nayonso iyenera kukhala ndi property yotchedwa Seva, ndipo .NET imadzaza yokha. Pa seva, munthu akhoza kusintha adiresiyo osakhudza fayilo, polemba environment variable ya Imelo__Seva. Timizere tiwiri tam'munsito timalekanitsa gawo ndi dzina.

Zigawo zina za pulogalamu zimalandira object imeneyi m'njira zitatu. IOptions imawerenga kamodzi ndipo siona zosintha mpaka pulogalamu itayatsidwanso. IOptionsSnapshot imawerenganso pa pempho lililonse lobwera ku seva. IOptionsMonitor imapereka zomwe zilipo panthawiyo komanso imadziwitsa pulogalamu fayilo ikasintha.

Zoyenera kusamala

Dzina likalembedwa molakwika m'fayilo, .NET sidandaula: property imangokhala yopanda kanthu, ndipo vuto limadzaoneka anthu akugwiritsa kale ntchito pulogalamuyo. Kuyambira mu .NET 6 ya mu 2021, pali ValidateOnStart yomwe imaletsa pulogalamu kuyamba ngati makonzedwe ake sakukwaniritsa malamulo amene wolemba anaika.

Mawu achinsinsi sayenera kulembedwa mu appsettings.json, chifukwa fayiloyi imasungidwa pamodzi ndi code mu Git ndipo aliyense woona code angawawerenge. Ndi zoopsanso kusiya seva ya anthu onse ili pa Development, popeza tsamba loonetsa zolakwika limaulula zamkati mwa pulogalamu kwa aliyense.