Dandaulo la wa ku Ndirande linkadzera kuti?

M'nthawi ya chipani chimodzi, kuyambira 1966 mpaka 1993, munthu wa ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa sankangodzuka n'kulunjika kwa phungu wake ayi. Mpope ukauma, mlatho ukakokoloka, nkhani inkayambira kwa tcheyamani wa nthambi ya Malawi Congress Party, ndipo funso loyamba linali lakuti: khadi lili kuti? Wopanda khadi la chipani, ngakhale pamsika a Yufi ankamubweza. Wodandaula kwambiri ankatchedwa woukira.

Riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zidamasula anthu pakamwa. Malamulo atsopano oyendetsera dziko adabwera ndi gawo 64, lopatsa ovota mphamvu yochotsa phungu wosawatumikira. Koma mu 1995 aphungu omwewo adalifafaniza gawolo.

Nanga makhansala, amene ndiwo oyandikira anthu? Adasankhidwa mu November 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 mipando idakhala yopanda eni mpaka May 2014. Zaka 9 zonsezo, wa ku Ndirande wodandaula za zinyalala kapena ngalande ankakwera minibasi kukafola ku Civic Centre ku Chichiri, apo ayi kudikirira phungu pamaliro.

Mu September 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha zikalata m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito. Kufunsa tsono n'kololedwa, abale. Koma phungu akakhala chete, mulibe pomugwira mpaka chisankho china.