Mbiri ya Maphunziro a Gitala m'Dziko la Spain

M'chaka cha 1536, mu mzinda wa Valencia, munasindikizidwa buku lotchedwa El Maestro, ndiko kunena kuti Mphunzitsi. Mlembi wake anali Luis Milán, munthu wa pabwalo la akalonga, ndipo choimbira chimene iye anaphunzitsa chinali vihuela, mbale wake wa gitala, wa nsambo zoyenda ziwiriziwiri m'mizere 6. Milán anayala nyimbo zake monga achitira mphunzitsi wodziwa ntchito: zapafupi poyamba, zovuta pambuyo pake. Analemba mizere 6 yoimira nsambozo, naika pamizerepo manambala osonyeza pamene chala chiyenera kudina, kotero kuti wophunzira anatha kutulutsa nyimbo yonse asanadziwe dzina la liwu ngakhale limodzi. Kalembedwe kameneka sikanafe ayi. Oimba magitala ambiri akugwiritsabe ntchito manambala otere kufikira lero lino.

Koma vihuela inali ya olemera. Anthu wamba anali ndi gitala yaing'ono ya mizere 5, ndipo amene anawakumbukira ndiye Juan Carlos Amat, sing'anga wa ku Catalonia, amene mu 1596 anatulutsa kabuku kophunzitsa kukwapula nsambo zonse pamodzi potsata woimba pakamwa. Kabukuko kanasindikizidwa mobwerezabwereza kwa zaka zoposa 150. Pambuyo pake wansembe Gaspar Sanz, atabwera kuchokera ku Italy kumene anaphunzira kwa akatswiri a ku Rome ndi ku Naples, anasindikiza buku lake ku Zaragoza mu 1674, naphunzitsamo njira zonse ziwiri: kukwapula, kumene eni ake amati rasgueado, ndi kutola nsambo imodziimodzi, kumene amati punteado.

Pofika cha m'ma 1800 gitala inali itasanduka ya nsambo 6 zoyenda payokhapayokha, ndipo pamenepo panabuka amuna awiri amene maina awo sachoka pakamwa pa ophunzitsa. Fernando Sor anabadwira ku Barcelona mu 1778, naphunzira zoimba kwa amonke a pa phiri la Montserrat. Pa nkhondo ya Napoleon analandira ntchito kwa Afalansa, ndipo iwo atagonja mu 1813 iye anatuluka nawo m'dziko lake, osabwereranso. Buku lake la maphunziro linatuluka ku Paris mu 1830, ndipo ndi buku lodabwitsa, pakuti mawu ndiwo achulukamo koposa nyimbo. Sor sanakhutire ndi kulamula kuti chala chikhale apa. Anafuna kunena chifukwa chake, nalemba ndi zithunzi zosonyeza makhalidwe a dzanja ndi a thupi. Ambiri amene anagula bukulo ayenera kuti anatopa nalo, popeza wophunzira watsopano afuna nyimbo msanga. Komabe mphunzitsi aliyense amene anafunsidwapo ndi mwana kuti “chifukwa ninji?” adzazindikira kuti Sor anayankha funso loyenera.

Mnzake anali Dionisio Aguado wa ku Madrid, wobadwa mu 1784. Awiriwa anasiyana pa kanthu kooneka kakang'ono, ndiko chikhadabo. Sor anadula zikhadabo zake, naliza nsambo ndi mnofu wa kunsonga kwa chala, chifukwa anakonda liwu lofatsa ndi lonenepa. Aguado anasunga zikhadabo za dzanja lamanja, nati zimatulutsa liwu lowala ndi kufulumiza zala. Nkhani imeneyi siyochepa kwa wophunzira, pakuti dzanja lozolowera njira imodzi kwa zaka 10 silitembenuka pa mwezi umodzi, ndipo amene asankha mphunzitsi wasankhiratu liwu limene adzakhala nalo moyo wake wonse. Chokondweretsa ndi chakuti amuna awiriwa sanadane. Anakhala m'nyumba imodzi ya alendo ku Paris, naimbira pamodzi, ndipo Sor anapeka nyimbo ya magitala awiri, Les Deux Amis, Mabwenzi Awiri, nalemba dzina lake pa mbali imodzi ndi la Aguado pa mbali inzake. M'buku lake Sor anatsutsa zikhadabo, koma Aguado yekha anamkhululukira chifukwa cha luso lake. Aguado nayenso, atamvetsetsa kaimbidwe ka mnzakeyo, anadula chikhadabo cha chala chachikulu.

Sor anamwalira mu 1839, Aguado mu 1849, ndipo gitala inalowa pansi, popeza piyano inali italanda nyumba za olemera ndipo liwu lake linali lalikulu. Thandizo linachokera kwa mmisiri wa matabwa wa ku Almería, Antonio de Torres. Iye anakuza mimba ya gitala, napepuza thabwa la pamwamba, nalichirikiza kunsi ndi timitengo 7 toyalidwa ngati nthiti za chikupizo, nakhazikitsa utali wa nsambo pa mamilimita 650. Mu 1862 anapanga gitala ya msana ndi nthiti za makatoni, kuti aonetse kuti liwu limachokera m'thabwa la pamwambalo. Gitala imeneyo ikusungidwa ku Barcelona.

Amene anadziwa chochita ndi choimbira chatsopanochi ndiye Francisco Tárrega, wobadwira ku Villarreal mu 1852. Ali mwana anagwa m'ngalande ya madzi othirira minda, maso ake naonongeka, ndipo bambo wake, poopa kuti mwanayo adzakhala wakhungu, anampereka kwa oimba kuti adzapeze podyera. Aphunzitsi ake oyamba anali akhungu. Pamene analowa sukulu yaikulu ya zoimba ya ku Madrid mu 1874, anakaphunzirako piyano ndi kapekedwe ka nyimbo, pakuti gitala inalibe malo m'sukuluyo. Tárrega anasandutsa nyimbo za Bach, Beethoven ndi Chopin kuti ziimbike pa gitala, napeka zakezake monga Recuerdos de la Alhambra, ndipo ophunzira ake anatengera kwa iye kukhazika gitala pa ntchafu ya kumanzere, phazi lili pa kampando. Zaka zochepa asanamwalire, munthu wotchuka kale, anadula zikhadabo zake nayambanso kuzoloweza dzanja ngati mwana. Ophunzira ake anagawikana: Miguel Llobet anasunga zikhadabo, Emilio Pujol anatsata mbuye wake.

Tsono Tárrega anamwalira mu 1909 osalemba buku la maphunziro. Zonse zinali m'manja ndi m'mitu ya ophunzira ochepa, ndipo pambuyo pake Pujol anakhala pansi nazisanja. Gawo loyamba la Escuela razonada de la guitarra linatuluka mu 1934, patapita zaka 25, ndipo palibe angalekanitse bwinobwino za Tárrega ndi za Pujol m'menemo.

Mlandu wa chikhadabo unatha wopanda woweruza. Andrés Segovia, wobadwa mu 1893, amene anadziphunzitsa yekha mbali yaikulu, analiza nsambo ndi mnofu ndi chikhadabo pamodzi, ndipo popeza anaimba m'nyumba zazikulu za ku Paris ndi ku New York kumene liwu lofatsa silikadafika kumbuyo, anyamata anatsata iye. Mu 1935 sukulu ija ya ku Madrid inaika Regino Sainz de la Maza kukhala mphunzitsi wa gitala. Mu 1945 Segovia anasankha nyimbo 20 zoyeserera za Sor nazisindikiza, ndipo nkhondo yachiwiri itatha anathandizana ndi Albert Augustine kupanga nsambo za nailoni m'malo mwa za matumbo a nkhosa, zimene zinali zodula ndi zoduka msanga pa chinyezi. Kwa wophunzira wosauka, nsambo zimenezi zinachita zambiri koposa mabuku onse.

M'zaka zonsezi, kum'mwera kwa Spain, ku Andalusia, kunali sukulu ina yopanda buku. Oimba flamenco, ambiri a iwo a mtundu wa Gitano, anaphunzira ndi khutu ndi maso. Mnyamata anakhala moyang'anana ndi bambo kapena malume wake, natengera kachigawo kamodzi, nakabwereza kufikira katakhazikika. Atatero anatumizidwa kukaimbira ovina ndi oimba pakamwa zaka zambiri asanaloledwe kuimba yekha. Kumeneko chinthu choyamba ndi compás, kuwerenga kwa kugunda, kumene m'nyimbo zambiri kumazungulira pa 12. Wolakwitsa liwu amkhululukira, koma wotaya kugunda wanyazitsa wovina pamaso pa anthu. Paco de Lucía, wobadwira ku Algeciras mu 1947, anaphunzitsidwa motero ndi bambo wake ndi mkulu wake Ramón, maola ambiri tsiku ndi tsiku. Anatchuka pa dziko lonse asanazolowere kuwerenga nyimbo zolembedwa, ndipo pamene anafuna kuimba Concierto de Aranjuez, imene Sainz de la Maza anayamba kuiimba ku Barcelona mu 1940, anayenera kulimbana ndi pepalalo chizindikiro chimodzichimodzi. Anaijambula mu 1991. Mwini nyimboyo, Joaquín Rodrigo, anali wakhungu kuyambira ali ndi zaka 3, ndipo anaipeka m'zilembo za akhungu.