Maiki kapena waya: mbiri ya gitala yolira mosasa

Achinyamata anzanga a ku Dowa ndi ku Ntchisi, mkangano uja woti gitala yamagetsi tiziijambula bwanji, kuika maiki kutsogolo kwa sipika kapena kungolowetsa waya m'makina, musaone ngati wayamba ndi ife. Ngwakale kuposa makolo athu ambiri. Ndiye poti ndalama za gulu ngati lathu zimangokwana chida chimodzi basi, ndipo tikagula cholakwika tikhala nacho zaka, tiyeni timve kaye kumene nkhaniyi yachokera.

Mawu osasa aja, amene oimba amati distortion, poyamba sanali luso ayi. Anali vuto. Mu 1951, gulu la Ike Turner linapita ku Memphis, dziko la America, kukajambula nyimbo yotchedwa Rocket 88 mu situdiyo ya Sam Phillips. Pofika kumeneko, ampu ya woimba gitala, Willie Kizart, inali itawonongeka sipika. Anangoitsendera mapepala nkuyamba kujambula, gitala ikulira mosasa ngati munthu amene wachezera kuimba pamaliro. Phillips anaikonda choncho. Ena atamva anayamba kuwononga dala: Link Wray anaboola sipika pokonza nyimbo ya Rumble mu 1958, ndipo Dave Davies wa gulu la The Kinks anacheka yake ndi lezala, nkutulutsa You Really Got Me mu 1964. (Musakayesere izi pa sipika ya kutchalitchi, chonde, mungatiitanitse kwa akuluampingo.) Onsewa phokosolo linkachokera mu sipika, maiki nkumalitola mumphepo.

Koma njira ya waya nayonso ili ndi ngozi yake yoyambira. Ku Nashville, pojambula nyimbo ya Marty Robbins yotchedwa Don't Worry, yomwe inatuluka mu 1961, gitala ya besi ya Grady Martin inadutsa pa tchanelo yowonongeka ya mikisa, nkutuluka ikuchita kunjenjemera. Katswiri wa makina, Glenn Snoddy, anapanga kabokosi kotengera kulira kumeneko, ndipo mu 1962 kampani ya Gibson inayamba kukagulitsa ndi dzina loti Maestro Fuzz-Tone. Sikanayende malonda mpaka 1965 pamene Keith Richards wa Rolling Stones anakagwiritsa ntchito pa Satisfaction. Mu 1968 a Beatles anachita zoposa: pa Revolution magitala anawalowetsa mu mikisa mwachindunji, nkukweza mphamvu mpaka makina kulephera kupirira. Mukaimvera, gitala yake imabaya m'khutu ngati minga. Iwo ankafuna zomwezo.

Apa ndipo pagona nkhani, ndiye mvetsetsani. Distortion imabereka timawu tambirimbiri tapamwamba pa noti iliyonse imene mwakhudza. Sipika ya ampu ya gitala siitha kutulutsa bwino mawu opitirira pafupifupi 5,000 Hz, choncho imasefa timawu tobaya tija ngati sefa ya ufa, nkusiya mnofu wokhawokha. Mukadutsitsa gitala pa pedo ya distortion nkulowetsa mu mikisa kapena mu kompyuta popanda sipika, palibe chosefa. Zonse zimalowa, madeya ndi ufa womwe. Nchifukwa chake mumamva gitala ikulira ngati tchipisi m'chiwaya pa Mponela, inu nkumati gitala ndi yachinyengo. Gitala ilibe mlandu.

Tsopano tiyandikire kwathu. Amene anaigwira gitala yosasa ndi manja awiri kuno kuchigawo chathu ndi abale athu a ku Zambia. M'zaka za m'ma 1970 kunabuka chamba chotchedwa Zamrock, ndipo boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti wailesi iziulutsa kwambiri nyimbo za m'dzikomo, magulu anachuluka: WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya. Koma ine amene ndikufuna mumufunefune ndi Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Nyirongo, wa gulu la Ngozi Family, yemwe nyimbo zake zina ankaimba m'Chinyanja chathu chomwechi. Mverani chimbale cha Day of Judgement cha 1976 kapena 45,000 Volts cha 1977. Gitala yake imachita kubangula, koma mawu a nkhani za m'makomboni a ku Lusaka mukuwamva bwinobwino. Anamwalira mu 1989. Zimbale za Zamrock zinaiwalika kwa zaka zambiri mpaka makampani akunja atayamba kuzitulutsanso, ndipo lero WITCH imaimba ku Ulaya ndi ku America. Ndiye wina akakuuzani kuti gitala yaukali ndi yachizungu, siigwirizana ndi chilankhulo chathu, mumuyatsire Ngozi basi.

Kuno ku Malawi mbiri inayenda njira ina. Kujambula kwathu kunayamba ndi maiki, ndipo nthawi zambiri imodzi yokha. Hugh Tracey atabwera m'dziko muno mu 1950 ndi 1958 kudzajambula nyimbo za Achewa, Amang'anja, Ayao ndi ena, ankagwira maiki m'manja nkumaiyandikitsa kwa yemwe akufuna amveke. Dzanja lake ndilo linali mikisa. Zimene anajambula zikusungidwabe ku International Library of African Music ku South Africa. MBC itayamba mu 1964, oimba ambiri ankajambulitsa kumeneko pa matepi akuluakulu, ndipo zimene tinakula nazo pa wailesi ndi banjo ya Allan Namoko, gitala ya Daniel Kachamba, zida zolira zokha zimene popanda maiki simungazijambule nkomwe. Gitala yamagetsi itakhazikika, inabwera yoyera, yopanda kusasa, monga mumaimvera kwa Paul Banda ndi Alleluya Band ya ku Balaka. Kenako masitudiyo ang'onoang'ono atachuluka m'nthawi ya makaseti, kiyibodi inalanda malo a ng'oma, besi ndi malipenga. Kiyibodi imalowa ndi waya, ndiye gitala nayo inangotsatira. Kwa gitala yoyera palibe vuto. Ngakhale Nile Rodgers wa gulu la Chic amadziwika ndi gitala yolowetsa mwachindunji. Vuto ndi loti tinazolowera kuganiza kuti gitala iliyonse imajambulidwa choncho, ndipo achinyamata ambiri afika poimba bwino asanaonepo maiki itaikidwa pa ampu.

Chitsanzo china chili pakhomo pathu pomwepa. Dzaleka, yomwe inali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, inasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994, ndipo kuyambira 2014 kumachitika Tumaini Festival, yomwe anayambitsa Menes La Plume wochokera ku Congo. Amene munapitako mwamva gitala ya Chikongo mmene imayendera: yoyera, yothamanga, noti iliyonse payokha, mwambo wochokera kwa akuluakulu ngati Franco wa OK Jazz. Imeneyo ndi waya imatheka bwino. Koma Congo yomweyo inatulutsanso Konono No.1, gulu la Mawangu Mingiedi, lomwe linkakuza mawu a kalimba ndi maginito a m'zitsulo za galimoto zakutha ndi zimkuzamawu zakale. Kusasa kwake kunali kwa zida zosaukazo, ndipo chimbale chawo cha Congotronics cha 2004 chinatchuka dziko lonse chifukwa cha phokoso lomwelo. Mukanachotsa zimkuzamawu zija, mukanachotsa nyimbo.

Nanga lero? Anthu a waya sanagone. Kunabwera Rockman ya Tom Scholz mu 1982, SansAmp mu 1989, POD ya Line 6 mu 1998, zonsezo tizida totsanzira ampu ndi sipika yake. Masiku ano ntchito imeneyo imachitika pa laputopu, ndipo mapulogalamu ena ndi aulere. Chofunika ndi kabokosi kolumikizira gitala ku kompyuta kokhala ndi batani lolembedwa Hi-Z kapena Inst, chifukwa gitala ikalowa pa bowo la kiyibodi imafooka nkutaya kuwala. Ndipo mu pulogalamumo musaiwale kuyatsa mbali yotsanzira sipika, imene amalemba cab. Ambiri amalakwitsa pamenepa.

Maganizo anga ndi awa, ndipo amene akutsutsa abwere nazo ku msonkhano. Kwa ife a kumapiri kuno, yambani ndi waya. Maiki ilibe tsankho: imatola gitala, imatolanso mvula pa malata, tambala wa aneba, chigayo, njinga yamoto ya kabaza ikukwera chitunda. Ampu imafuna magetsi, imafunanso kuikweza kuti ikome, pomwe laputopu yotchaja imapirira magetsi akathima ndipo mutha kujambula usiku ndi mahedifoni osadzutsa mudzi. Komanso mukajambula gitala yoyera ndi waya, mutha kusintha kusasa kwake mawa osaimbanso.

Koma tsiku limene mwabwereka ampu, ngakhale kakang'ono, musaphonye mwayi. Maiki ya Shure SM57, imene masitudiyo akhala akuika pa ma ampu chiitulutsireni mu 1965, ndi yabwino, koma maiki yoimbira ya kwaya imathanso. Iyandikitseni pafupifupi kukhudza nsalu ya sipika. Pakatikati mawu amathwa, mukamasunthira m'mphepete amafewa. Sunthani pang'onopang'ono, chala chimodzi ziwiri, mnzanu akumvera pa mahedifoni. Chipinda chikamabweza mawu, pachikani mabulangete, kapena tulukani panja m'mawa kusanachite mphepo. Ian Brennan anajambula Malawi Mouse Boys panja pomwe, ndipo chimbale chawo choyamba cha 2012 chinawafikitsa kunja kwa dziko. Mukakhala ndi mabowo awiri pa kabokosi kanu ndi chogawira waya, jambulani njira zonse ziwiri nthawi imodzi, kenako mumvere pa sipika ya foni, chifukwa ndi pamene anthu a ku Malomo, Madisi ndi Mvera akaimvere nyimboyo.