Mbiri ya Kamatidwe ka Mano Ofumbwa

Dzino likafumbwa silipola lokha monga lichitira bala la pakhungu. Kwa zaka mazanamazana mankhwala ake odalirika adali kulizula basi. Ofuna kulipulumutsa ankatseka bowolo ndi mtovu kapena golide, koma golide adali wa anthu opata okha.

M'chaka cha 1833 abale awiri otchedwa Crawcour adafika ku New York ndi amalgam, msanganizo wa siliva ndi mercury. Udali wotsika mtengo ndiponso wosavuta kuika, komabe udabutsa mkangano woopsa. Mu 1845 bungwe la American Society of Dental Surgeons lidalamula mamembala ake kulonjeza kuti sadzaugwiritsa ntchito. Bungwelo lidatha mu 1856, koma amalgam adapitirira, makamaka G.V. Black atakonza kasakanizidwe kake mu 1895.

Chilema cha amalgam n'chakuti sagwirana ndi dzino. Amangokhala m'bowo ngati mwala wopanikizika m'mphako. Kuti asagwe, dokotala ankakumba bowo lotakasuka pansi koma lopapatiza pamwamba, ndipo potero ankasema ndi mbali ya dzino imene idalibe vuto. Dzino limapulumuka ndithu, koma lofooka.

Amene adatsegula njira ina ndi Michael Buonocore wa ku Rochester, m'dziko la America. Iye adaona kuti m'mafakitale amayamba atsuka chitsulo ndi asidi kuti penti agwire bwino. Tsono adadzifunsa ngati chikutu cholimba cha dzino sichingachite chimodzimodzi. Mu 1955 adalengeza zimene adapeza: asidi wa phosphoric akakhala pa dzino kwa masekondi 30 amasiya timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo pulasitiki yamadzimadzi ikalowa m'menemo ndi kuuma imakakamira zolimba. Ganizoli n'losavuta kumva, ngakhale womanga nyumba amalidziwa, pakuti pulasitala sagwira pakhoma losalala. Chodabwitsa n'chakuti padapita zaka zambiri madokotala anzake asadalilabadire. Chimene chinkasowa chidali phala loyenera, ndipo adalipeza ndi Rafael Bowen mu 1962. Phala lake, lotchedwa bis-GMA, likasakanizidwa ndi ufa wa galasi limalimba ndi kufanana ndi mtundu wa dzino.

Ku London, Alan Wilson ndi Brian Kent adatulukira simenti ya glass ionomer, imene adailengeza mu 1972. Iyo imamatirira yokha ku dzino, ndipo imatulutsa fluoride pang'onopang'ono. Simentiyi idathandiza kwambiri kumidzi kopanda magetsi. Cha m'ma 1985, Jo Frencken, dokotala wa ku Netherlands amene ankagwira ntchito ku Tanzania, adayamba kupala chofumbwa ndi tizitsulo ta m'manja, popanda makina obowolera, kenaka n'kumata. Njira imeneyi idayesedwanso m'sukulu za ku Zimbabwe.

Mkangano wa mercury sudafe. Pangano la Minamata la mu 2013 lidapempha maiko kuchepetsa amalgam pofuna kuteteza chilengedwe, ndipo maiko a mu European Union adamuletsa kuyambira pa 1 Januwale 2025, kupatula pamene dokotala waona kuti wodwala sangathandizike mwa njira ina.